Ma contact lens kwa ana ndi chithandizo cha kuchipatala, osati zodzikongoletsera

Makolo ndi aphunzitsi muno mu Zomba agawanika pa funso limene kale silinkamveka n'komwe: kodi mwana amene saona bwino angavale timagalasi tokhala pa diso penipeni, tomwe ambiri timangoti ma contact lens? Mkanganowu umabuka pamsonkhano wa makolo kusukulu, pamzere wodikira dokotala wa maso, ngakhale m'minibasi yochokera ku Blantyre mayi akamafotokozera anzake zomwe wauzidwa kuchipatala. Ena akuti kuika chinthu m'diso la mwana, m'dziko la fumbi ndi madzi a pamjigo, n'kumuitanira khungu. Ena, makamaka achinyamata ndi makolo opeza bwino a m'tauni, akuti magalasi ndi achikale, mwana aliyense amene sakuwafuna angopatsidwa ma contact lens. Ine ndikuti ma contact lens ndi chithandizo cha kuchipatala, ndipo pali gulu laling'ono la ana amene sadzaona bwino popanda iwo. Ana amenewa ayenera kuwapeza kudzera m'zipatala za boma, dokotala akuwayang'anira, kaya makolo awo ali ndi ndalama kaya alibe. Ana ena onse, omwe ndiwo ochuluka kwambiri, chowayenera ndi magalasi.

Tiyambe tawadziwa anawo, chifukwa anthu ambiri amakangana asakudziwa kuti akukamba za yani. Gulu loyamba ndi la makanda obadwa ndi ng'ala. Ng'ala timaidziwa ngati matenda a agogo, koma mwana angathe kubadwa nayo, ndipo chizindikiro chake ndi kadontho koyera pakati pa diso pomwe payenera kukhala pakuda. Opaleshoni yake ndi yochotsa kagalasi kachilengedwe ka m'kati mwa diso komwe kachita mbuu. Kwa agogo, dokotala amaikamo kagalasi kena kapulasitiki tsiku lomwelo, nkhani n'kuthera pomwepo. Kwa khanda la miyezi yowerengeka sizikhala choncho, popeza diso likukulabe mofulumira ndipo mphamvu ya kagalasi yoyenera lero imakhala yolakwika pakapita zaka zochepa. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Infant Aphakia Treatment Study anayerekeza njira ziwirizi pa makanda osakwana miyezi 7 omwe anali ndi ng'ala diso limodzi. Anapeza kuti ana a mbali zonse ziwiri ankaona mofanana, koma oikidwa kagalasi m'kati mwa diso ankakumana ndi zovuta zambiri ndipo ankabwerera ku opaleshoni kawirikawiri kuposa ovala contact lens. Nanga bwanji osangowapatsa magalasi wamba? Diso la khanda lopanda kagalasi kake limafuna mphamvu yoposa +20. Galasi lotere ndi lokhuthala, lolemera pamphuno ya khanda, ndipo limakuza chithunzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati diso linalo lili bwinobwino, ubongo umalandira zithunzi ziwiri zosiyana kukula ndipo umalephera kuziphatikiza. Contact lens, poti imakhala pa diso penipeni, imakuza chithunzicho pang'ono chabe.

Apa pali mfundo yomwe makolo ambiri sanauzidwepo. Mwana sabadwa akudziwa kuona, ubongo wake umaphunzira, ndipo nthawi yophunzirayo ili ndi malire. Diso limodzi likamatumiza chithunzi chosaoneka bwino m'zaka zoyambirira, ubongo umalisiya n'kumadalira linalo, vuto lomwe madokotala amati amblyopia. Mwana akafika zaka 7 kapena 8 kulikonza kumavuta kwambiri, ngakhale diso lenilenilo litakonzedwa pambuyo pake. Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya maso a mwana mawuwa ndi oona ndithu. N'chifukwa chake gulu lachiwiri ndi la ana omwe maso awo awiri ndi osiyana mphamvu kwambiri, lina lili pafupi kukhala labwinobwino, lina lofooka zedi. Mwana wotere nthawi zambiri sadandaula, amasewera, amawerenga, chifukwa diso labwinolo likugwira ntchito ya awiri. Ambiri mwa iwo magalasi amawathandiza, makamaka akayamba msanga n'kumatseka diso labwino kwa maola angapo patsiku monga dokotala walangizira. Koma kusiyanako kukakhala kwakukulu, magalasi amamupweteka mutu kapena kumuonetsa zinthu ziwiriziwiri, ndipo amawavula mphunzitsi akangotembenuka.

Gulu lachitatu ndilo limandikhudza mtima kwambiri, chifukwa limabisala m'makalasi athu. Makolo a kuno tonse timawadziwa ana a maso oyabwa, ofiira mofiirira, amene amatikita m'maso tsiku lonse, makamaka chilimwe chikafika pachimake mu September ndi October, fumbi likamauluka mu Chinamwali ndi Matawale. Kuyabwa kumeneku kukakhala kwa zaka, ndipo mwana n'kumatikita mwamphamvu, kachiwalo koonekera ka kutsogolo kwa diso, komwe madokotala amati cornea, kangathe kupyapyala n'kuyamba kutukumuka. M'malo mokhala kozungulira bwino kamasongoka ngati kachulu. Matendawa dzina lake ndi keratoconus, ndipo amakonda kuonekera mwana akamatha msinkhu, nthawi yomwe akukonzekera mayeso a Sitandade 8 kapena JCE. Chizindikiro chomwe kholo lingachizindikire n'chakuti magalasi amasinthidwa kawirikawiri koma mwana akungoti sakuonabe pabolodi, mpaka ena amayamba kumunena kuti ndi ulesi kapena akufuna magalasi atsopano. Vuto si mwanayo. Galasi limakonza diso lomwe lili ndi maonekedwe olongosoka, koma pamwamba pa diso lotere pali mabampu omwe galasi lokhala pamphuno silingawafafanize. Contact lens yolimba, yomwe amati RGP, imakhala pamwamba pa cornea, misozi n'kudzaza mpata wa pakati, ndipo kuwala kumalowa ngati diso lili losalala. Mwana amene amangoona zilembo zikuluzikulu za pamwamba pa tchati cha dokotala angathe kuwerenga mizere ya m'munsi tsiku lomwelo. Contact lens siichiritsa matendawa kapena kuwaletsa kukula, kuwaletsa kumafuna kuthana ndi kuyabwako komanso chithandizo china cholimbitsa cornea chotchedwa cross-linking, koma imamubwezera mwanayo bolodi ndi buku.

Tsopano timve otsutsa, ndipo tiyambe ndi mfundo yawo yolemera kuposa zonse, ya matenda. Iwo akuti diso si malo oseweretsa, ndipo akunena zoona. Contact lens yosasamalidwa ingabweretse chilonda pa cornea. Mabakiteriya ena, monga Pseudomonas, angathe kuwononga diso m'masiku awiri okha. Palinso kachilombo kotchedwa Acanthamoeba, kamene kamakhala m'madzi ndi m'dothi, kovuta kwambiri kuchiza kakalowa m'diso. Kachilomboka kamapezeka ngakhale m'madzi a pampopi oyeretsedwa, choncho madzi ochokera ku damu la Mulunguzi, abwino kumwa, sali oyenera kutsukira contact lens. Bungwe la CDC, loona zopewa matenda ku America, limati kugona utavala ma contact lens kumachulukitsa chiopsezo cha matenda ka 6 mpaka ka 8. Otsutsawa amatikumbutsanso kuti ndife dziko lomwe linavutika ndi kolera yoopsa mu 2022 ndi 2023, lomwe linaona matenda a maso ofiira akufalikira mu 2024, ndipo m'nyumba zambiri za ku Chikanda, Jali kapena Kachulu sopo amasungidwira kuchapa ndi kusamba, osati kusamba m'manja kangapo patsiku. Amafunsa kuti: Malawi anathana ndi matenda a maso a trachoma, omwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2022 kuti salinso vuto lalikulu kuno, ndiye tiyambitse dala njira ina yowonongera cornea?

Sindikuchepetsa mfundo imeneyi, ndipo ndi chifukwa chake ndikukana kuti mwana aliyense azivala ma contact lens. Koma poyeza chiopsezo tiyenera kuyeza mbali zonse ziwiri. Kwa mwana amene magalasi akumuthandiza, chiopsezo cha chilonda, ngakhale chitakhala chochepa, n'chopanda phindu, chifukwa akuona kale. Kwa khanda lochotsedwa ng'ala diso limodzi, kapena mtsikana wa Fomu 2 wa keratoconus yokula, mbali inayo ya sikelo palibe chitetezo. Pali kutaya kuona kwa diso limenelo, kapena kusiya sukulu. Chilonda ndi chinthu chomwe chingachitike ndipo chingapewedwe, pamene kusaona bolodi kukuchitika kale tsiku lililonse. Chachiwiri, ma contact lens olimba omwe ana a keratoconus amafuna ndi omwe chiopsezo chawo cha matenda chili chochepa poyerekeza ndi ofewa, popeza samwa madzi ndipo misozi imayenda bwino pansi pake. Chachitatu, malamulo ake ndi owerengeka ndipo ndi ophunzitsika: kusamba m'manja ndi sopo n'kuwaumitsa ndi kansalu koyera usanakhudze diso, kutsuka ndi kusunga contact lens m'mankhwala ake okha, kutaya mankhwala a dzulo m'malo mongowonjezerapo, kusintha kabokosi kosungira pakatha miyezi 3, kuvula pogona pokhapokha dokotala atanena zina, ndi kuvula posamba kapena pokasambira ku Likangala. Madzi owiritsa othira mchere panyumba salowa m'malo mwa mankhwalawo, ndipo malovu ndiye ayi ndithu.

Ena anganene kuti banja la kumudzi silingakwanitse zimenezi. Ine mawu amenewa ndimawakana, chifukwa ndi onyoza amayi athu. M'midzi yomweyi muli amayi omwe amamwetsa ana ma ARV pa nthawi yake tsiku lililonse kwa zaka, ena amabaya mwana wa matenda a shuga jakisoni wa insulin, ena amamaliza miyezi 6 ya mankhwala a TB osadumphitsa. Anakwanitsa chifukwa panali munthu amene anakhala nawo pansi n'kuwaphunzitsa, n'kuwapatsa zipangizo, n'kumawaitana kuti abwerenso. Ndikuvomereza kuti padzakhala mabanja ena omwe dokotala adzaone kuti zinthu sizili bwino, mwina mwana amakhala ndi agogo omwe nawonso saona, ndipo pamenepo asankhe njira ina. Koma chisankho chimenecho achipange dokotala atakumana ndi banjalo, osati ife kugamuliratu kuti aliyense wa kutsidya kwa Thondwe sangathe. Ndipo ngati tikuopa zilonda za m'maso, tiope kwambiri chizolowezi chomwe chilipo kale, chodontheza m'diso lofiira mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, mkodzo, kapena mankhwala ogula popanda kuyezedwa. Ena mwa mankhwala ogulawa ali ndi steroid, mankhwala amphamvu oletsa kutupa, ndipo amaziziritsa kuyabwa msanga koma amakulitsa chilonda, ndipo akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali angathe kubweretsa glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso, kapena ng'ala. Banja la mwana wovala contact lens liyenera kudziwa lamulo limodzi kuposa onse: diso likafiira, likapweteka, likamatulutsa manthongo kapena kuopa kuwala, vulani ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ya ndalama, ndipo imabwera kuchokera kwa anthu amene amaganizira dziko lonse. Iwo akuti tikukamba za ma contact lens pamene ana ambirimbiri alibe ngakhale magalasi wamba, ndipo sanayezedwepo maso chibadwire. Lipoti la WHO la 2019 linati anthu osachepera 2.2 biliyoni padziko lonse ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwo osachepera 1 biliyoni vuto lawo likanapewedwa kapena silinathandizidwebe. Ambiri mwa anthu amenewa chomwe akusowa ndi magalasi basi. N'chifukwa chake mu 2024 bungweli linakhazikitsa ndondomeko ya SPECS 2030 yofuna kufikitsa magalasi kwa anthu ambiri. Kuwonjezera apo, ma contact lens ndi mankhwala ake zonse n'zochokera kunja, zogulidwa ndi madola omwe akusowa, ndipo kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama ya mwana mmodzi wa contact lens, iwo akutero, ingagulire magalasi kalasi yonse ya ana ofunika magalasi.

Masamu awo ndi olondola, ndipo ndikugwirizana nawo kuti magalasi akhale patsogolo. Chomwe sindikuvomereza ndi kuganiza kuti ziwirizi zikulimbirana mphika umodzi. Kuyeza maso m'sukulu kukakula, monga momwe tonse tikufunira, kudzatulukira ana awiri kapena atatu apa ndi apo omwe magalasi sakuwathandiza. Kodi ana amenewo tidzawauza chiyani? Kuti takupeza, tadziwa vuto lako, koma ubwerere ukakhale kutsogolo kwa kalasi? Kuyeza kopanda kothawira kumangobala mndandanda wa mayina. Komanso taganizirani khanda la ng'ala. Dziko lawononga kale ndalama pa opaleshoni, pa mankhwala ogonetsa, pa bedi la kuchipatala, banja lagulitsa mbuzi kuti lifike ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queen Elizabeth. Ngati pambuyo pa zonsezi diso silipatsidwa chothandizira kuona, ubongo udzalisiyabe, ndipo ndalama zonse zija zapita pachabe. Pa mtengo, tisasokoneze mitundu. Ma contact lens ovala tsiku limodzi n'kutaya ndi okwera mtengo pachaka, ndipo sindikupempha boma kuti ligule amenewo. Olimba aja, akasamalidwa, amatha chaka kapena kupitirira. Ndipo chiwerengero cha ana omwe ndikuwanenawa n'chochepa moti kachikwama kapadera ka Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi mabungwe omwe amathandiza kale ntchito za maso m'dziko muno, kangawakwanire. Mwana amene wasiya sukulu chifukwa chosaona nayenso ali ndi mtengo wake, womwe banja limaulipira moyo wake wonse.

Mfundo yachitatu ndi ya msinkhu: mwana ndi wosasamala, amasewera m'fumbi, amaiwala, ndiye adikire akule. Kwa makanda funsoli silibuka, chifukwa amene amaika ndi kuchotsa ndi mayi kapena bambo. Masiku oyambirira amakhala a misozi mbali zonse ziwiri, sindibisa, koma makolo amazolowera monga amazolowerera kudula zikhadabo za khanda. Kwa okulirapo, kafukufuku wa m'mayiko ena wasonyeza kuti ana a zaka 8 mpaka 12 sadwala matenda a cornea kuposa akuluakulu ovala ma contact lens, ndipo gulu lomwe limavutitsa kwambiri ndi la achinyamata okulirapo. Chifukwa chake n'chomveka: mwana wa zaka 10 amamvera malangizo ndipo mayi ake amamuona akamagona, pamene mnyamata wa kukoleji amagona nawo atatopa, palibe womufunsa. Kafukufukuyo anachitika m'malo a madzi ndi sopo wokwanira, choncho tisamutenge ngati chilolezo kwa aliyense. Koma akutiuza kuti choyang'ana ndi khalidwe la mwana ndi dzanja la womuyang'anira, osati zaka zokha. Pano ndiika chenjezo kwa makolo a ana ogonera kusukulu: kumeneko kulibe mayi, madzi amavuta, ndipo metroni kapena mphunzitsi woyang'anira ogonera ayenera kuuzidwa ndi kuphunzitsidwa mwana asanapite ndi ma contact lens ake. Kunena kuti adikire akule ndiye kulakwitsa kwenikweni, chifukwa pa amblyopia kudikira ndiko kutaya diso.

Palinso mantha ena omwe sachedwa kuyankha. Ena amaopa kuti kagalasiko kadzatsetsereka kupita kuseri kwa diso mpaka kuubongo. Sizingatheke, chifukwa kakhungu kopyapyala kokuta choyera cha diso kamapindika n'kulumikizana ndi m'kati mwa zikope, kulibe njira yodutsira. Kangathe kubisala pansi pa chikope cha m'mwamba, ndipo kamachotsedwa. Ena amati ndi zatsopano zomwe azungu akuyesera pa ana athu, koma dokotala Adolf Fick anayesa ma contact lens agalasi ku Zurich mu 1888, ndipo ofewa anawapanga Otto Wichterle wa ku Czechoslovakia mu 1961. Mantha akale aja akuti magalasi amapha maso nawonso alibe maziko. Mwana amene wazolowera kuona bwino amangozindikira kusaona akawavula, ndipo mphamvu ikamakwera chaka ndi chaka n'chifukwa diso likukula, osati chifukwa cha galasi.

Tsopano nditembenukire kwa a mbali inayo, omwe angaganize kuti ndili nawo limodzi. Iwo akuti mwana wovala magalasi amasekedwa, amatchedwa mayina, amalephera kusewera mpira kapena netibo, magalasi amasweka, ndipo mtsikana wa zaka 14 amasankha kusaona kusiyana ndi kuoneka wachilendo pakati pa anzake. Zimenezi n'zoona ndipo zimapweteka. Ndaonapo ana obisa magalasi m'chikwama akangotuluka pageti. Koma mankhwala a kusekedwa ndi mphunzitsi wolimba ndi makolo olankhula, komanso kumulola mwana kusankha yekha felemu yomwe akuikonda, chifukwa magalasi omwe mwana wasankha ndiwo amawavala. Kuika diso labwino pachiopsezo cha chilonda pofuna kuthawa pakamwa pa anzake ndi kusinthana kosayenera, makamaka pamene dokotala woti aone diso lofiira Lamlungu madzulo sapezeka pafupi. Banja lomwe lili ndi ndalama, madzi, ndi dokotala womutsatira, lingasankhe ma contact lens a tsiku limodzi kuti mwana wamkulu azivala pa masewero, ndipo sindingaliletse. Koma akhalenso ndi magalasi, chifukwa aliyense wovala ma contact lens amafuna magalasi a tsiku lomwe diso lafuna kupuma.

Ena a mbali yomweyi amabwera ndi mfundo yanzeru kuposa ya maonekedwe. Akuti vuto losaona patali likuchuluka padziko lonse, moti akatswiri ena analosera mu 2016 kuti pofika 2050 theka la anthu onse lidzakhala nalo, ndipo tsopano kuli ma contact lens ochedwetsa kukula kwa vutoli, monga MiSight omwe bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linawavomereza mu 2019 kwa ana oyamba kuvala ali ndi zaka 8 mpaka 12. Izi n'zoona, ndipo kwa mwana amene mphamvu ya magalasi ake ikukwera mofulumira ndi nkhani yoyenera kukambirana ndi dokotala. Koma amenewa ndi a tsiku limodzi, ovala kwa zaka zingapo mosalekeza, ndipo dola ikasowa mwezi umodzi chithandizo chaduka. Kulinso magalasi apadera ndi mankhwala odontheza ochita ntchito yofanana. Ndipo chinthu chimodzi chomwe chasonyezedwa kuti chimachedwetsa kuyamba kwa vutoli n'chaulere: kukhala panja masana pafupifupi maola 2 patsiku. Mwana wa ku Domasi amachipeza osachifuna. Amene tiyenera kumudera nkhawa ndi wa m'tauni yemwe amachoka m'kalasi kupita ku maphunziro apadera a madzulo, kenako pafoni mpaka kugona.

Ana achialubino nawo amatchulidwa kawirikawiri pa mkanganowu, ndipo apa tisalonjeze zomwe sizingatheke. Kusaona bwino kwawo kumachokera m'kati mwa diso momwe linapangidwira, ndipo galasi lililonse, la pamphuno kapena la pa diso, silingakuthetse konse. Ena ma contact lens amawathandizako pa kuwala kothobwa m'maso kapena pa mphamvu yaikulu, koma ambiri chomwe akufuna msanga ndi magalasi oyenera, magalasi a dzuwa, chipewa, mpando wa kutsogolo, zilembo zikuluzikulu pa mayeso, ndi mphunzitsi wodziwa za maphunziro apadera ngati omwe amaphunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu.

Chomwe chimandiopsa kuposa zonse ndi malonda a ma contact lens amitundumitundu osintha mtundu wa diso, omwe amatsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp pamodzi ndi mawigi ndi zodzoladzola. Wogulitsa sayeza diso, sadziwa ngati kagalasiko kakuthina, sanena za madzi, ndipo atsikana amabwerekana pa ukwati kapena pa tsiku lojambulitsa. Kagalasi kopanda mphamvu kali ndi chiopsezo chofanana ndi kali ndi mphamvu, mwinanso choposa ngati sitikudziwa komwe kanapangidwa. Mtsikana mmodzi akataya diso chifukwa cha malonda amenewa, nkhani yomwe idzafalikire mumzinda ndi yakuti ma contact lens amachititsa khungu, ndipo mayi wa mwana wa keratoconus adzakana chithandizo chomwe mwana wake akuchifunadi. Mabungwe a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi Medical Council of Malawi ali ndi udindo pa mankhwala ndi pa anthu ogwira ntchito zachipatala, ndipo ndikuwapempha kuti anene poyera kuti contact lens iliyonse, ya mtundu kapena ayi, iperekedwe ndi munthu wovomerezeka atayeza diso.

Kuti zomwe ndikupemphazi zitheke, anthu odziwa ntchito tili nawo. Mzuzu University yakhala ikuphunzitsa akatswiri oyeza maso, ndipo Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa owathandizira. Chofunika n'chakuti gawo la maso pa chipatala chachikulu cha Zomba, chomwe chimalandiranso odwala ochokera ku Machinga, Balaka ndi Mangochi, likhale nthawi zonse ndi zida zoyezera maonekedwe a cornea, bokosi la ma contact lens oyesera, mankhwala otsukira osatha m'sitolo, ndi tsiku lodziwika pamwezi la ana amenewa. Kuyeza koyamba kungachitikire ku Blantyre ngati kuli kofunika, koma maulendo obwereza, omwe khanda limafuna pafupipafupi pamene diso likukula, akhale kuno, chifukwa ndalama ya minibasi ndiyo imagonjetsa mabanja ambiri asanagonje ndi china chilichonse. Kusikelo ya ana, mlangizi wa zaumoyo akamayeza kulemera ayang'anenso m'maso, ndipo kadontho koyera kalikonse katumizidwe sabata yomweyo, popeza nthawi zina kamakhala khansa ya m'diso osati ng'ala. Aphunzitsi, mwana amene wavala magalasi koma akutsinzinabe poyang'ana bolodi, akukopera kwa mnzake, kapena akutikita m'maso osalekeza, musamukalipire. Lembani kakalata kopita kwa makolo kuti akamuyezetsenso, ndipo akafika kwa dokotala afunse ngati cornea yayezedwa.